Mawu a Bambo M'foni Yokiya

Harare, 22 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Ndafika bwino. Ndikhulupirira inu mwadzuka bwino, ndipo chifuwa cha Bambo chikuchepa. Mundiperekere moni kwa achimwene a Godfrey, akazi awo maiguru Maidei, ndi ana.

Ndikulemba mofulumira chifukwa a Antonio, oyendetsa lole ya fodya, akubwerera ku Raffingora masana ano. Amayi, ndaiwala foni. Ndinaisiya ikutchaja pa sola ya kutchalitchi, ndiye kombi, minibasi ija, itaimba hutala ndinangonyamula chikwama n'kuthamanga. Ndinazindikira titadutsa kale Banket.

Foniyo si yanga. Yanga ija mukudziwa kuti anandibera ku Mbare. Iyi ndi ya yunivesite, anatipatsa ife asanu amene tikuthandiza kafukufuku wa moyo wa antchito a m'mafamu, anthu a m'makomboni. Ndi yokiya ndi pasiwedi, manambala amene umalemba kuti itseguke. Lamulo lake n'lolimba. Tinasaina pepala kuti manambalawo sitidzauza munthu wina aliyense, ngakhale mayi wotibala. Chonde mukaitenge, muikulunge m'kansalu, mupatse a Antonio pa ulendo wotsatira.

Muwauze Bambo kuti mawu awo ali momwemo, sanatayike. Mukukumbuka Loweruka lija anandiuza kuti ndiiyatse, ndiisiye pampando, ine ndituluke? Anati, “Zina sizinenedwa mwana wamkazi akukuyang'ana m'maso.” Analankhula okha m'nyumba maola awiri, za kwawo ku Malawi kumene anachoka ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, zimene sanatiuzepo chibadwire chathu. Anandilamula kuti ndikamvere kuno. Mpaka lero sindinamve ngakhale liwu limodzi, ndiye mtima uli m'mwamba.

Nambala ya Naomi, mnzanga wa m'chipinda chimodzi, ndalemba kuseri kwa pepalali. Achimwene akakwera pachulu paja pamene pamagwira netiweki angathe kundiimbira.

Ndine mwana wanu,
Prudence


Komboni, Raffingora, 2 Meyi 2024

Prudence,

Moni. Kuno tilipo, koma Bambo akutsokomolabe. Fodya tikugireda tsiku lililonse kwa mwini plot, manja achita kuda.

Kalata yako Amayi anandipatsa kuti ndiwerenge. Foni ndinakaitenga, ili m'nyumba mwa Bambo. Sinditumiza.

Lachitatu inawala yokha. Panatuluka dzina loti Keith, ndi mawu a Chingerezi akuti uli kuti, ndikukuyembekeza Lachisanu. Pambuyo pake anaimba kawiri. Keith ameneyu ndani? Ine sindinafike ku yunivesite, koma ndikudziwa kuti foni ya mtengo wotere sukulu sipatsa mwana wa kukomboni. Ndikudziwanso kuti mtsikana akakiya foni, wakiya mwamuna m'katimo. Mwana wa a Lazalo anayamba choncho, lero ali pano ndi khanda lopanda bambo.

Ndinasiya sukulu fomu 2 kuti ndizigwira maricho, ganyu wa m'minda ya eni, iwe uphunzire. Sindinadandaulepo. Koma usandiyese chitsiru.

Bambo akufuna kumva mawu awo, akuti mwina anaiwala zina. Ndayesa tsiku lako lobadwa, yakana. Ndayesa chaka chawo, yakananso. Tumiza manambalawo ndi a Antonio. Ngati mulibe chonyansa, ukuopa chiyani?

Mchimwene wako,
Godfrey


Harare, 9 Meyi 2024

Achimwene,

Moni, ndi moni kwa onse pakhomo. Kalata yanu yandipweteka, koma ndiyambe ndi chofunika kwambiri.

Musayesenso manambala. Foniyo anaikonza kuti munthu akalakwitsa kakhumi, zonse zimene zili m'kati zimafufutika, ndipo palibe angazibweze. Mwayesa kale kawiri. Chonde lekerani pomwepo.

A Keith ndi aphunzitsi athu, bambo wa imvi amene akutsogolera kafukufukuyu. Lachisanu lililonse timakapereka ntchito kwa iwo. Ndinapita chimanjamanja, ndipo anandidzudzula pamaso pa anzanga.

M'foniyo simuli mawu a Bambo okha. Pa holide ndinacheza ndi anthu khumi ndi anayi a m'makomboni a kwathuko. Ena anandiuza mmene eni maplot amawalipirira, ena za ana awo opanda chitupa chobadwira, ena za m'nyumba mwawo. Aliyense ndinamulonjeza kuti dzina lake ndi mawu ake sizidzamveka kwa munthu wa kumeneko. Inu mukudziwa kuti liwu limodzi likafika kwa mwini plot, banja lonse limaona katundu wake ali pamsewu. N'chifukwa chake yunivesite inaika lamuloli. Si kuti ndikukuyesani akuba.

Sindinaiwale chimene munandichitira. Tumizani foni, ndichotsa mawu a Bambo okha, ndiwaike pa kakhadi kuti muzimvera pa wailesi yanu ija.

Mlongo wanu,
Prudence


Komboni, 19 Meyi 2024

Mwana wanga Prudence,

Ndikulemba ndekha ndi pensulo, ukhululuke zilembo. Uli bwanji kumeneko? Kuno sikuli bwino.

Bambo ako anagwa Lachiwiri akuchokera kuseri. Mkono ndi mwendo wa kumanja zafa, pakamwa papotoka. Tinawatengera kukiliniki pa ngolo. Anesi anati ndi sitiroko, atipatsa mapiritsi, tabwera nawo kunyumba. Akumva zonse, maso akuona, koma mawu sakutuluka. Amayesa, zimangomveka ngati munthu wotsamwa.

Foni ili pampando pafupi ndi mphasa yawo. Amailoza ndi dzanja lamoyo lija, kenako n'kundiloza ine. Ndikudziwa chimene akunena.

Akuluakulu anzawo a kudambwe, amene amavina nawo gule, anabwera kudzazonda. Anandifunsa pambali kuti zikavuta, uthenga tidzatumiza mudzi uti. Mudziwo sindiudziwa. Ine ndinabadwira pa famu ku Glendale, Malawi sindinamuonepo. Zaka makumi anayi ndakhala ndi bambo ako, ndikudziwa Dedza basi. Ndikawafunsa ankati zakale zisiye. Ndinangomva kamodzi kuti anasiya mlongo wawo wakhanda kwa agogo ake. Mwina alipo, mwina ali ndi ana.

Mchimwene wako wakwiya. Kalata yako anaiwerenga mokweza pakhomo, akuti ndi nzeru za m'tauni. Anayesanso manambala, akuti tsopano kwakwana kasanu ndi kamodzi. Ndamugwira mwendo, waleka.

Mwana wanga, undiuze ine ndekha. Ndidzatsegula, bambo ako amve, ine ndimve, n'kutsekanso. Za anthu ena sindikhudza. Ndinakubala ndine, pepala limene unasainalo silinakuyamwitse.

Mayi ako,
Filesi


(Kapepala kopinda, kopatsidwa kwa a Antonio pa shedi ya fodya tsiku lomwelo)

Tete Prudence,

Ndine Maidei, mkazi wa achimwene anu. Chichewa changa cholemba mukuchidziwa, mupirire nacho.

Musapereke manambala, ngakhale kwa amayi. Iwo sadziwa kugwira foni, adzaitana achimwene anu kuti awathandize. Zimene ndinakuuzani kudamu tsiku lija, za dzino langa ndi za mimba ija inachoka, zili momwemo ndi mawu anga. Akazimva sindidzaona chaka chamawa. Munalonjeza, tete.

Kapepalaka mukang'ambe.


Harare, 27 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu yandipeza mochedwa, a Antonio anakhala masiku anayi pamzere ku okushoni. Ndaiwerenga nditakhala pansi pakhonde la laibulale, sindinathe kulowa m'kalasi.

Ndinathamangira kwa a Keith. Ndinafunsa ngati mawu a Bambo ali pa makompyuta a yunivesite. Anati ayi, zojambula zimasamukira kumeneko foni ikafika pasukulu pano, ndipo yanga sinafike. Ndinawapempha kuti andilole kukuuzani manambala. Anandimvera chisoni, koma anati lamulo silisintha.

Amayi, ndikanatha kubisala kuseri kwa a Keith, koma sindikunamizani. Ngakhale akanandilola, sindikanatumiza. Pali chifukwa chimene sindingalembe. Si mwamuna, si manyazi. Mundikhulupirire monga munkandikhulupirira pondituma kusitolo ndili wamng'ono.

Mayeso ayamba Lolemba likubwerali, atha pa 14 Juni. Ndikawasiya, thandizo la sukulu andichotsera, ndipo chaka chonse chapita. Pa 15 m'mawa ndikwera kombi yoyamba. Ndidzatsegula ndi dzanja langa, ndidzaika pakhutu pa Bambo, tonse tidzamva. Muwauze kuti andidikire. Ndi masabata atatu okha.

Muziwatembenuza kawirikawiri kuti asachite zilonda, ndipo muwafunditse, kuzizira kwayamba.

Mwana wanu,
Prudence


Komboni, 6 Juni 2024

Prudence,

Lamlungu ndinakwera pachulu, ndinakuimbira pa foni ya mnzako, ndinakupempha ngati mwana. Unangolira n'kunena kuti sungathe. Ndiye ndinadula.

Ukuti Bambo akudikire. Bwera udzawaone mmene alili, ndiye unene zimenezo. Phala likubwerera pakamwa. Dzulo sanatsegule maso mpaka masana.

Ku Chinhoyi kuli mnyamata wokonza mafoni amene amatsegula zokiya popanda manambala. Ndapeza wondiperekeza. Lolemba ndipita nayo. Ndikabwera ndidzamvera zonse, za Bambo ndi zako zomwe ukubisazo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamenepo tidzadziwa kuti tinatumiza ndani ku Harare.

Godfrey


Harare, 24 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndabwerera bwino. Mwatsala bwanji m'nyumbamo? Mukudya? Ndinaona pamaliro kuti simunaike kanthu pakamwa masiku atatu.

Pali zimene sindinathe kukuuzani anthu ali ponseponse. Naomi atandipatsa foni Lachiwiri lija, n'kumva mawu a achimwene akuti Bambo atisiya, mayeso awiri anali atatsala. Ndinawasiya. Zimene ndinakana kuchita Bambo ali moyo ndinazichita atapita, ndipo sizinathandize munthu.

Njira yonse m'kombi ndinkadzitonthoza kuti mawu awo alipo. Ndinkati tikaika maliro ndidzaitana inu ndi akuluakulu, tidzamva dzina la mudzi, uthenga upite. Nditafika munandipatsa foni m'kansalu kaja. Nditayatsa, sinandifunse manambala. Inandilonjera ngati yatsopano ya m'sitolo. Munalibe kanthu, Amayi. Bambo munalibe, anthu khumi ndi anayi aja munalibe.

Achimwene akuti analekera pa kasanu ndi kamodzi, ndipo wa ku Chinhoyi anaipeza ili kale choncho. Ine sindikhulupirira. Ndikudziwa kuti sindinayenere kuwakuwira achimwene pamaso pa anthu, gule ali pabwalo, kuti mwapha Bambo kachiwiri. Koma mawuwo anatuluka, ndipo mpaka lero sindikupeza mtima wowabweza.

Kuno andiitana ku komiti. Andichotsa pa kafukufuku chifukwa chosiya foni m'manja mwa ena. Mayeso awiri aja andilola kulemba mu Ogasiti. Zimenezo sizikundipweteka kwenikweni. Chimene chikundidya n'chakuti ndinali ndi masiku awiri kunyumba Bambo atajambula. Ndikanapita kuseri kwa shedi n'kumvera. Ndinamvera lamulo lawo loti ndikamvere ku Harare, ndinamvera lamulo la yunivesite, ndipo taonani pamene kumvera kwandifikitsa.

Mundilembere.

Prudence


Komboni, 7 Julayi 2024

Mwana wanga,

Kalata ndalandira. Ndikudya pang'ono, usade nkhawa. Kukuzizira kwambiri, madzi a m'ndowa akumachita kuluma m'manja.

Akuluakulu analembera kalata ku mpingo wina wa ku Dedza, kufunsa ngati alipo akudziwa banja la a Pearson, mwana wa a Wilson, amene anapita ku Rhodesia kalekale. Anandiuza kuti ndisayembekeze kwambiri. Dedza ndi yaikulu, ndipo a Wilson dzina limenelo anapatsidwa ndi mzungu wa pa famu. La kwawo sindilidziwa.

Mwini plot wanena kuti nyumba ino anapatsa bambo ako, osati ine. Wandilola kukhala mpaka mvula. Ndidzalowa kwa Godfrey.

Za mchimwene wako ndi zimene ndalembera. Sakupita ku maricho. M'mawa amapita kumanda, masana ali kumowa. Akabwera amawerenga pa zala, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi kamodzi, n'kundifunsa kuti Amayi, kapena ndinayesa ndili woledzera n'kuiwala? Anthu a m'komboni akumuloza. Ana ake akumuthawa. Maidei watupa diso, akuti anagunda chitseko. Mtsikana ameneyu wandisamala ngati wobala ndekha, koma masiku ano salankhula, ndipo m'chipinda mmene munagona bambo ako salowamo.

Ndatsala ndi ana awiri. Mulembere mchimwene wako, ngakhale mizere itatu. Wolakwa ndani, ine sindikufunanso kudziwa.

Mayi ako,
Filesi


Pa shedi, 15 Julayi 2024

Tete Prudence,

Ndine Maidei. Moni sindikudziwa ngati mungaulandire mukamaliza kuwerenga.

Si achimwene anu. Iwo analekeradi pa kasanu ndi kamodzi. Ndine.

Atanena kuti Lolemba apita ku Chinhoyi, ndipo adzamvera zonse, ndinasowa pogwira. Ndinaganiza zoiponya m'damu, koma akanadziwa kuti ndi munthu wa pakhomo. Ndinakumbuka kalata yanu ija anawerenga mokweza, ya kakhumi.

Lamlungu amayi anapita kutchalitchi, achimwene anu anapita kukafuna ndalama ya kombi. Anandisiya ine kuti ndimwetse bambo phala. Dzuwa linali pamutu. Ndinatenga foni pampando. Ndinkayesa bambo ali m'tulo. Ndinalemba manambala achabe, inakana. Inandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira, ndinalembanso. Nthawi iliyonse kudikira kunkatalika. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana.

Tete, anadziwa. Anatukula dzanja lija, anayesa kulankhula, malovu akutsika. Ndinagwada pafupi ndi mphasa. Ndinati, “Baba, ndikhululukireni, mwana wanu adzandipha.” Ndinawaonetsa pamene panali dzino. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja linatsika, anatembenuzira nkhope kukhoma. Sindikudziwa ngati kunali kundilola kapena kunditaya. Ndinalemba komaliza. Foni inazima, inayakanso yoyera. Ndinaibwezera m'kansalu. Phala anakana, ndipo sanadyenso mpaka Lachiwiri.

Ndinkaganiza kuti ndikupulumutsa moyo wanga. Tsopano achimwene anu akumwa chifukwa cha mlandu umene si wawo, ndipo akamwa mukudziwa kumene manja awo amapita. Amayi amandiitana mwana wanga, ine n'kumalephera kuwayang'ana.

Mukafuna kuwauza, auzeni. Ndingopempha kuti mundidziwitse tsiku, kuti ndiyambe ndatumiza ana kwa mkulu wanga ku Glendale.

Maidei


Harare, 22 Julayi 2024

Maiguru,

Kalata iyi ndaisokera m'mpendero wa juzi la mwana, a Antonio akupatsani m'manja. Mukawerenga muiponye pamoto. Yanu ndawotcha kale.

Masiku atatu sindinathe kugwira cholembera. Sindinena kuti ndakukhululukirani, chifukwa lingakhale bodza. Ndikatseka maso ndimaona Bambo akutembenukira kukhoma. Koma ndine ndinakukhazikani pansi kudamu kuja, ndine ndinati lankhulani, palibe adzamve. Ndinatenga mawu anu n'kuwaiwala pa sola ya kutchalitchi ngati mpango.

Sindiuza munthu. Achimwene ndawalembera lero. Ndawauza kuti ndafunsa kuno, ndipo mafoni amenewa nthawi zina amadzifufuta okha akakhala nthawi yaitali kutali ndi sukulu, choncho mlandu ndi wanga. Ndi bodza. Mwina awerenga n'kusiya kuwerengera pa zala. Kuti asiya kumwa, kapena kuti manja awo asintha, sindikulonjeza.

Musadikire tsiku munapempha lija. Tumizani ana ku Glendale sabata ino, munene kuti mkulu wanu akuwafuna. Inunso mutsatire. Ku Chinhoyi kuli amayi ena amene amathandiza akazi omenyedwa, malo awo ndalemba m'munsimu. Za Amayi ndiona ine, ndikamaliza mayeso ndibwera.

Ndili ndi pempho limodzi. Loweruka lija Bambo akulankhula okha m'nyumba, ine ndinapita kumjigo, Amayi anali kudimba. Inu munali pakhonde mukusenda mtedza, msana mutatsamira khoma, ndipo khoma lija ndi la njerwa imodzi. Ndikudziwa kuti simunali kumvetsera. Koma khalani pansi, muganize bwino. Ngati munamvapo dzina la mtsinje, la phiri, la mfumu, la mkazi, ngakhale theka la dzina, ngakhale simukutsimikiza, lembani mmene linamvekera m'khutu mwanu, mupatse a Antonio. Lole yawo yomaliza ya chaka chino inyamuka Lachisanu.

Prudence